Abiti Kasimu, Amene Ankatembenuza Ana

Linali Lachiwiri, patangodutsa masiku anayi chichitikire Idi yozinga mbuzi, nthawi ili 10 koloko m'mawa, pamene ndinapeza Abiti Kasimu atamwalira pakhonde pawo. Anali atakhala pamphasa, atatsamira khoma, ntchentche zitayamba kale kuwatera pamilomo. Nthawiyo ndikuikumbuka chifukwa nditathamangira kwathu kukanena, amayi anayang'ana pafoni n'kutchula nthawi, kenako anapitiriza kupeta mpunga mpaka lichero lonse linayera. Atamaliza m'pamene anati, "Innalillahi," koma mawu ake anali ozizira ngati a munthu amene wauzidwa kuti nkhuku ya mnansi yafa.

Abiti Kasimu anali mng'ono wa agogo anga obala amayi. Ine ndinkawaitana kuti anganga. Nyumba yawo inali kumapeto kwa mudzi wathu kwa Mposa, m'mbali mwa njira yopita kumjigo, ndiye mayi aliyense wobereka mwana ankadutsa pamaso pawo. Miyezi iwiri yomaliza azimayi ambiri anaisiya njirayo. Ankazungulira kumunda wa chinangwa, ndowa ili pamutu, kuti asawaone.

Sindinama kuti anali munthu wokoma kukhala naye pafupi. Ine ankandinyansa, ndipo ndiyambira pomwepo.

Zaka zambiri ankapikula matemba ndi milamba kunyanja ya Chiuta n'kukagulitsa pamsika wa Ntaja. Ntchitoyo anaisiya mawondo atakana, koma fungo silinawasiye. Linali m'zitenje zawo, mumpango, ngakhale m'kapu yomwera madzi. Ankaika fodya wopera kunsi kwa mlomo n'kumalavula malovu akuda paliponse, osayang'ana ngati pali phazi la munthu. Ashehe anawadzudzulapo za fodyayo. Iwo anayankha kuti asiya Lachisanu, koma sananene kuti Lachisanu lake liti.

Chimene chinkandinyansa koposa chinali chala chawo. Akapeza mwana ali m'tulo, ankanyambita chala, ndi malovu a fodya omwewo, n'kuchiika pansi pa mphuno ya mwanayo kuti amve ngati akupuma. Ankati chala chouma chimanama, chonyowa chimamva mpweya ngakhale wochepa. Ankachita zimenezi kwa mwana wa aliyense, ngakhale wa mlendo amene wangoima kupempha madzi. Tsiku limene ndinatuluka m'chikuta ndi mwana wanga Hawa, anamuchita zomwezo. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kumupukuta Hawa pamlomo katatu ndi nsonga ya chitenje.

Koma chimene anthu ankawada nacho sichinali fodya kapena fungo. Chinali kutembenuza ana.

Kwathu kuno mwana wakhanda amagonekedwa chafufumimba. Amayi anatigoneka choncho tonsefe, nawonso anagonekedwa choncho. Amati ukamugoneka chagada mutu umaphwatalala kumbuyo ngati chipande. Amati akabweza mkaka atsamwa nawo. Amatinso chagada ndi kagonedwe ka maliro. Ndipo chimene sanena mokweza n'chakuti mwana wogona chafufumimba amagona nthawi yaitali, ndiye mayi amachapa, amasinja, amapita kumjigo n'kubwerako.

Abiti Kasimu ankalowa m'nyumba ya munthu popanda odi. Akapeza mwana ali chafufumimba, ankamunyamula n'kumugoneka chagada, ngakhale mwanayo adzuke n'kulira. Kenako ankakunga chibakera n'kudinda pamene mwanayo anagona. Chibakera chikalowa, ankati pamenepo si pogona mwana. Pilo akamupeza ankamupanira m'khwapa n'kutuluka naye, osabweza. Akakumana ndi mayi amene wabereka mwana n'kumufunditsa thaulo mpaka kumutu, ankalikoka thaulolo panjira pomwepo.

"Mwabereka mwana kapena mwavundika nthochi?" ankafunsa choncho.

Abambo osuta pafupi ndi makanda ankawathamangitsa ndi ndodo, iwo eni fodya ali tho m'kamwa. Ukawauza, ankati wawo satulutsa utsi.

Za mutu wophwatalala ankaseka. Ankati mutu wophwatalala umavala chipewa n'kupita kumadrasa ngati wina uliwonse, ndipo ukafuna mutu wozungulira, mwana aziseweretsedwa chafufumimba ali maso, iwe uli pompo ukumuyang'ana. Za kutsamwa ankati mwana wogona chagada amapotoza mutu yekha, mkaka n'kutuluka kapena kuumeza, koma wogona chafufumimba amagona nkhope ili m'masanzi ake. Mwana akakula n'kuyamba kudzigubuduza yekha uku ndi uku, ankamusiya. Ankati ameneyo wadziwa njira.

Kusikelo alangizi a zaumoyo amanenanso zomwezo: chagada, pamalo olimba ndi osalala, popanda pilo, nkhope ili poyera. Timayankha tonse pamodzi kuti, "Tamva, adokotala," kenako timabwerera kunyumba n'kukachita zathu. Tsiku lina ndinawauza anganga kuti akuchipatala akugwirizana nawo. Analavula n'kunena kuti achedwa.

Mkangano wawo waukulu ndi amayi unali wa matiresi. Bambo a Hawa amapalasa kabaza ku Balaka, ndipo mwana atabadwa anatumiza matiresi atsopano, ofewa, ndi kapilo kakang'ono ka maluwa. Amayi anasiya chitseko chotsegula masiku atatu kuti odutsa aone. Anganga anabwera, anapeza Hawa ali chafufumimba pakati pa matiresiwo, nkhope ili pakapilo.

"Ichi n'chiyani?"

"Matiresi, amayi aang'ono," anatero amayi. "Kapena simunawaonepo?"

"Ndinawaona iwe usanamere mano. Ndikufunsa mwanayu. Wamira bwanji ngati mwala m'phala?"

"Ine ndalera ana asanu ndi mmodzi. Onse ali moyo."

"Uziyamika Mulungu. Usamayamike nzeru zako."

"Nanga inu mwalera angati?"

Anganga anamutembenuza Hawa, anatenga kapilo kaja n'kutuluka. Amayi anawatsatira mpaka pabwalo akukuwa kuti munthu wopanda mwana asamaphunzitse anthu kulera, ndipo anansi anaseka. Ine ndinali pakhomo, ndikuyang'ana pansi.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwathu munayamba nkhondo yopanda mawu. Ndikapita kumjigo, amayi ankamugoneka Hawa chafufumimba pamatiresi, atapinda chitenje m'malo mwa pilo. Ndikabwerako ndinkamutembenuza mwakachetechete amayi ali panja. Iwo akalowa ankamubwezeranso. Ine kuyankha amayi sindinazolowere. Ngakhale kusukulu, zaka zochepa zimene ndinapitako, aphunzitsi akandiloza ndinkangoluma kolala ya diresi.

Tsopano ndinene za tsiku la sadaka, chifukwa ndi limene likundiwawa.

Panali miyezi iwiri anganga asanamwalire. Kunali sadaka yokumbukira omwalira kwa amalume, anthu anadzaza bwalo, ndipo azimayi onse anali kuseri akuphika mpunga ndi kutsuka mbale. Makanda anawagoneka m'chipinda chimodzi. Pansi panali matiresi, pamwamba pake mulu wa mabulangete ndi zitenje za alendo. Ine ndinakhala pakona m'chipindamo ndikuyamwitsa Hawa, amene anali ndi mwezi umodzi. Patuma, mwana wa amalume, analowa ndi mwana wake Yusufu wa miyezi itatu. Anamugoneka chafufumimba pamwamba pa mulu uja, anamufunditsa bulangete, n'kuthamangira kumoto.

Ndinaona zonse. Ndinaona mutu wa Yusufu ukulowa pang'onopang'ono pakati pa mabulangete awiri. Ndinaona kamwendo kake kakupalasa, kakupalasa, kenako kanasiya. Mumtima ndinati mwina wagona. Mumtima momwemo ndinadziwa kuti sanagone. Koma Patuma ndi wolongolola, ndipo ndinaopa kuti ndikamugwira mwana wake n'kumudzutsa, andilalatira pamaso pa alendo. Ndinati ndidikire pang'ono. Ndinadikira, mwana wanga ali kubere.

Anganga analowa ndi ndodo yawo monga mwa masiku onse, kudzafufuza ana. Sananyambite n'komwe chala. Anaponya ndodo pansi, anamuzula Yusufu m'mabulangete muja n'kumutembenuza. Milomo yake inali yakuda, manja ali lende. Anganga anaika pakamwa pawo pamphuno pake, anayamwa mamina n'kulavulira pakhoma. Anamuuzira mpweya, anamutikita pamsana, anamumenya kumapazi. Anauziranso. Ndinamva kamawu ngati ka mwana wa mphaka, kenako Yusufu analira.

Nthawi yomweyo Patuma anatulukira pakhomo. Chimene anaona ndi nkhalamba itaweramira mwana wake, malovu a fodya ali pankhope ya mwanayo.

"Mayo! Akumuyamwa mwana wanga! Anthuni, akumuyamwa!"

Anthu anadzaza chipinda. Patuma anamulanda Yusufu. Wina anati anamusiya ali bwinobwino. Wina anati nanga nkhalambayi inadziwa bwanji kuti ilowe nthawi imeneyi. Wina anakumbutsa za mapilo a ana amene amatenga, kuti amakachita nawo chiyani. Mawu akuti mfiti sindikudziwa amene anayamba kuwatchula, koma posakhalitsa anali pakamwa pa aliyense, ngakhale pa anthu amene anali atangomaliza kuswali.

Anganga anatola ndodo yawo. Anandiloza nayo.

"Mufunseni uyo. Anali pompa."

Onse anatembenukira kwa ine. Amayi anati, "Make Hawa, tanena. Unaona chiyani?"

Maso anali ambiri. Ndikananena zoona, akanandifunsa chifukwa chimene ndinangokhala osamunyamula mwanayo. Ndinayang'ana mutu wa Hawa n'kunena kuti, "Sindinaone bwino. Ndimayamwitsa."

Anganga anandiyang'ana nthawi yaitali. Anatuluka osadya mpunga.

Yusufu anapita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Anamuyeza, anamugoneka komweko tsiku limodzi, ndipo anamuuza Patuma kuti asadzamugonekenso chafufumimba kapena pa zinthu zofewa. Patuma anabwerako n'kunena kuti akuchipatala amauza aliyense zomwezo. Mawa lake anapita naye kwa sing'anga, amene anamumanga kachingwe m'chiuno kuti nkhalamba ija isamufikenso. Mpaka lero Patuma amanena kuti chinapulumutsa mwana wake ndi kachingweko.

Kuyambira pamenepo palibe amene ankawatungira madzi anganga. Akatulukira pakhomo la munthu, chitseko chinkatsekedwa. Ndinaona mayi wina akutsuka ndi phulusa kapu imene anganga anamwera, kenako anaiponya kudzala. Anthu omwewo, ana awo akadwala chimfine kale, ankathamangira kwa anganga kuti awayamwe mamina, chifukwa iwo eni ankanyansidwa.

Patapita sabata ndinayamba kuwasiyira ndowa ya madzi kuseri kwa nyumba yawo pobwera kumjigo, mobisa. Tsiku lachitatu anandigwira.

"Iwe, bwera kuno. Ukuyenda ngati wakuba nkhuku bwanji?"

Ndinakhala kumapeto kwa mphasa, Hawa ali kumbuyo. Anandiuza kuti ndimumasule. Anamugoneka pamphasa chagada, anadinda mphasayo ndi chibakera ngakhale ankaidziwa bwino.

"Unaona," anatero.

"Ndinaona, anganga."

"Ndiye pakamwa pakopo anakupatsa kuti uzidyera mpunga basi?"

Ndinayamba kulira ndi kupepesa. Anandiletsa ndi dzanja.

"Usandipepese ine. Ine ndakalamba, mano atha, ufiti ukundikhala bwino. Khala chete umve."

Tsiku limenelo ndi pamene anandiuza za ku Balaka. Ndinkadziwa kuti anakwatiwako kalekale n'kubwerako, koma amayi ankangoti ukwati unatha chifukwa cha khalidwe lawo.

Anapita ku Balaka ali mtsikana wamng'ono kuposa ine, kubanja lolima thonje. Anabereka mwana wamwamuna, dzina lake Amidu. Nyengo yotola thonje itafika mwanayo anali ndi miyezi inayi. Kumundako azimayi onse ankachita chimodzimodzi: thonje lotola ankaliunjika pansi pa mtengo, ndipo makanda ankawagoneka pamwamba pa muluwo. Pansi panali nyerere ndi minga, pamene thonje linali loyera, lofewa, lofunda. Aliyense ankati mwana wa mlimi wa thonje amagona pabwino kuposa mwana wa bwana. Apongozi awo ndi amene anawaonetsa kagonekedwe kake, chafufumimba, kuti mutu ukhale wokongola.

Anati tsiku limenelo anatola mizere iwiri yathunthu mwana osalira, ndipo anakondwa. Anawauza anzawo kuti lero Amidu wandichitira chifundo. Atabwera kudzakhuthula thonje, anapeza nkhope yonse italowa. Pomuzula, thonje linali m'mphuno ndi m'kamwa, lonyowa, likadali lofunda.

"Ndinalichotsa ndi chala ichi," anatero, akundionetsa chala chomwe chija. "Ndinalichotsa lonse. Koma ndinachedwa ndi mzere umodzi."

Akuchimuna sanafune kumva za thonje. Anati mwana safa choncho popanda chifukwa, ndi tsempho, mayi wake anayenda ndi mwamuna wina. Anawakhazika pakati masiku awiri akuwafunsa dzina la mwamunayo. Iwo ankangoti ndi thonje, ndi thonje, ndipo apongozi anati ana onse a m'mudzimo anagona pathonje, bwanji afe wake yekha. Anawapatsa kamtolo ka zovala n'kuwaperekeza mpaka pamsewu.

Anati chimene sanaiwale si kuthamangitsidwako. M'mawa wa tsiku limene ankachoka, anaona mwamuna wawo atayanika padzuwa thonje lija linanyowa ndi malovu a mwana. Litauma analiponya m'chisaka pamodzi ndi linzake, n'kupondaponda kuti lilowe bwino. Ndipo podutsa m'mbali mwa munda, anaona pansi pa mtengo womwe uja mwana wina atagonekedwa pamulu.

Sanakwatiwenso. Sanagonerenso pilo moyo wawo wonse.

Nditamva zimenezi ndinafunsa chifukwa chimene sanawauzire anthu a kuno. Anati anawauza atangofika, koma amayi awo omwe anawatseka pakamwa, kuti nkhani ya mwana wakufa siibwerezedwa, ndipo mbiri ya tsempho inali itafika kale iwo asanafike. Anaona kuti kulankhula n'kutaya malovu, bola kungolowa m'nyumba n'kutembenuza.

"Amako akumugonekabe chafufumimba?"

"Eya."

"Iwe umatani?"

"Ndimamutembenuza akatuluka."

"Tsiku lina kumjigo kudzakhala mzere wautali," anatero. Anaika fodya wina m'kamwa n'kuyang'ana kumbali. Zokamba zinathera pomwepo.

Ndinabwerera kunyumba nditatsimikiza kuti ndikalankhula ndi amayi. Nditafika ndinawapeza akusenda chinangwa, anandifunsa chimene ndachedwera, ndipo ndinati kumjigo kunali anthu ambiri. Masabata asanu ndi awiri anadutsa choncho. Madzi ndinkawasiyirabe anganga. Lachiwiri lija ndinabwera ndi ndowa, ndipo ndi mmene ndinawapezera.

Maliro a Chisilamu sachedwa. Pofika masana amuna anali atakumba kale manda, sanda yokulungira thupi itagulidwa. Amayi awiri achikulire a kumzikiti anabwera kudzasambitsa thupi, ndipo anagwira ntchito yawo mwaulemu, mwakachetechete. Pa iwo ndilibe mawu. Koma polowa m'nyumbamo anthu anaona kudenga. Anganga anali atamangirira mapilo a ana kumitengo ya denga ndi luzi, ambirimbiri, ena akale oti nsalu inachita kuyera, ena makoswe ataboola. Kapilo ka maluwa ka Hawa kanali kumapeto.

Nkhani inafika kuseri kumene azimayi tinakhala.

"Mwaona? Si tinkanena?"

"Pilo aliyense ndi mwana mmodzi ameneyo. Amawawerenga."

"Ashehe asalowemo asanafukize lubani."

Patuma anali akudula anyezi. Anati, "Koma ana athu agona tsopano." Mayi wina ananyambita chala chake n'kuchiika pamphuno ya mnzake, akutsanzira kayendedwe kotsimphina, ndipo onse anaseka mobisa nkhope m'mipango. Thupi linali lisanatuluke m'nyumba.

Jeneza lonyamulira maliro litanyamulidwa, azimayi omwewo anayamba kulira. Patuma ndiye analira koposa onse, akudzigwetsa pansi, akuitana kuti anganga mwatisiyira yani, mpaka amayi a kumzikiti anamuuza kuti achepetse. Amuna atangokhota ndi jeneza panjira ya kumanda, anadzuka, anasasa fumbi pachitenje n'kufunsa ngati tiyi watsala. Ine ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kulavula. Koma polavulapo ndinadziwa kuti mwa anthu onse amene anali pamenepo, amene ankadziwa zoona ndinali ine ndekha, ndipo ndinali chete ngati mmene ndinalili pasadaka. Iwo ankanena zimene ankakhulupirira. Wonama ndinali ine.

Masana omwewo, chifukwa kunkazizira, makanda a anthu obwera kumaliro anawagoneka m'nyumba mwathu, pamatiresi a Hawa, chafufumimba, mabulangete mpaka m'makutu. Yusufu anali pakati, kachingwe kake kali m'chiuno. Ndinalowa katatu ngati ndikufuna chinthu, ndikuyang'ana ngati misana yawo ikukwera ndi kutsika. Hawa sindinamutsitse kumbuyo tsiku lonse.

Madzulo amayi ananena kuti pakatha masiku atatu, zonse za m'nyumba ija zitenthedwe: mapilo, zitenje, mphasa. Palibe amene anapempha kanthu, ngakhale kapu.

M'mawa mwake ndinadzuka dzuwa lisanatuluke bwino n'kupita kumeneko. Ndowa yanga ya dzulo inali pomwe ndinaitula, madzi ali odzaza, masamba awiri akuyandama. Pakhoma pamene ankatsamira panali banga lakuda la mafuta a mutu wawo, ndipo pansi, kudzanja lamanja, dothi linali lofiirira ndi malovu a zaka zambiri. Kachitini ka fodya kanali pawindo, kotsegula. Ndodo wina anali ataiponya patchire. M'nyumba munali mosesedwa bwino, mopanda bedi, mopanda chilichonse chofewa, koma mapilo aja akulendewera kudenga pamene mwana sangafike. Panjira ya kumjigo azimayi anali atayamba kale kudutsa, osazunguliranso kuchinangwa. Mmodzi anadutsa atafunditsa mwana thaulo mpaka kumutu, ndipo panalibe womukoka.

Ndinapinda mphasa ija n'kuisenza. Kunyumba ndinaipukuta ndi nsalu ya sopo, ndinaiyanika pang'ono, kenako ndinaiyala pakhonde, poonekera. Ndinayalapo chitenje chimodzi n'kuchikoka kuti chisachite makwinya. Hawa ndinamuveka juzi ndi masokosi, ndinamuyamwitsa, ndipo atagona ndinamuika pamenepo chagada, nkhope ili poyera.

Amayi anatuluka ndi tsache. Anaima.

"Mphasa imeneyo ndi ya ndani?"

"Ya anganga."

"Wapenga? Ndipo mwanayu wamugoneka bwanji ngati maliro, dzulo lomweli tinali ndi maliro?"

Anawerama kuti amutembenuze. Ndinawagwira dzanja. Chibadwire sindinawagwirepo amayi dzanja choncho.

"Iyayi, amayi."

"Wati chiyani?"

"Ndati iyayi. Hawa azigona chonchi. Ine ndilipo, ine palibe, azigona chonchi. Mukakana ndizipita naye kumjigo, ndipo pamatiresi paja sagonanso."

Patuma anali akudutsa ndi ndowa, Yusufu ali kumbuyo. Anaima kuti amve mkangano. Ndinaona kuti ndikasiya tsopano sindidzayambanso.

"A Patuma, tsiku la sadaka lija ndinanama. Ndinaona zonse. Yusufu anamira m'mabulangete, anasiya kupuma ine ndikuyang'ana, ndipo sindinamunyamule chifukwa ndinkakuopani. Anganga anamupeza milomo itada. Sankamuyamwa, ankamuchotsa mamina ndi kumuuzira mpweya. Mwana ali kumbuyo kwanuyo ndi wa iwo aja."

Patuma anatsegula pakamwa. Ndinadikira kuti andilalatire. Anati, "Bwanji osanena nthawi yonseyi?" Anaima pang'ono, anapititsa dzanja kumbuyo n'kukhudza mutu wa Yusufu, kenako anapitiriza ulendo osatsanzika. Sindikudziwa ngati anakhulupirira.

Amayi anachotsa dzanja lawo m'dzanja langa. Anayang'ana Hawa, anayang'ana ine.

"Mphasayo ikununkha matemba," anatero.

"Ikununkha, eya."

Anatola tsache n'kuyamba kusesa kutali, kumapeto kwa bwalo, kumene anali atasesa kale.

Ndinakhala pansi pambali pa mwana wanga. Anali atatambasula manja uku ndi uku, ali zii, moti sindinkaona bwino ngati chifuwa chikuyenda pansi pa juzi. Ndinanyambita chala n'kuchiika pansi pa mphuno yake. Mpweya unabwera, wochepa, wofunda.